Vinyo wa Uchi ndi Zipatso Afuna Ukhondo ndi Kudekha

Chaka ndi chaka, kuyambira mwezi wa Novembala mpaka Januwale, mango ambiri amagwa ndi kuolera pansi m'mabwalo a nyumba za ku Area 14 ndi madera ena a mzinda wa Lilongwe. Nyumba zambiri za kumeneko, zomwe zinamangidwa pamene likulu la dziko linkasamuka kuchoka ku Zomba kudza ku Lilongwe mu 1975, zili ndi mabwalo aakulu, ndipo mitengo imene inabzalidwa masiku amenewo tsopano imabala zipatso zoposa zimene banja limodzi lingadye. Nayonso mitengo ya magwafa ndi mabulosi imachita chimodzimodzi pa nyengo yake. Lero tifuna kufotokozera awerengi athu njira imodzi yopulumutsira zipatso zimenezi, ndiyo kupanga vinyo wa uchi wosakaniza ndi zipatso.

Chakumwa chimenechi si chachilendo. Akatswiri ofukula zakale anapeza zotsalira za uchi, mpunga ndi zipatso m'mitsuko ya ku Jiahu m'dziko la China, imene inaumbidwa zaka pafupifupi 9,000 zapitazo. Ku Ethiopia amafulula tej, ku Tanzania kuli wanzuki, ndipo Axhosa a ku South Africa ali ndi iqhilika. Muno mu Lilongwe momwe, kampani ya Linga ku Area 3 inaonetsa kuti zipatso zathu monga jambula, magwafa ndi mabulosi zingathe kutulutsa vinyo woyenera kuikidwa pa tebulo la alendo.

Tiyambe tamvetsa chimene chimachitika m'chigubu. Mu 1857, Louis Pasteur wa ku France anayamba kufalitsa zofufuza zake zoonetsa kuti kuwira kwa zakumwa ndi ntchito ya tamoyo ting'onoting'ono. Yisiti amadya shuga ndi kutulutsa mowa pamodzi ndi mpweya. Uchi uli ndi shuga pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse, ndipo madzi ake ndi ochepa kwambiri kotero kuti yisiti sangathe kukhalamo. Nchifukwa chake uchi wokhwima bwino suonongeka msanga. Ukasungunulidwa ndi madzi, yisiti amayamba ntchito yake. Komabe uchi paokha ulibe zakudya zina zimene yisiti amafuna kuti akule. Zipatso ndizo zimabweretsa zakudya zimenezo, pamodzi ndi fungo ndi kuwawasa pang'ono kumene kumakometsa vinyo.

Pofuna kupanga malita 5, pafunika uchi wolemera makilogalamu 1.5, zipatso zakupsa bwino zolemera kilogalamu imodzi kapena imodzi ndi theka, madzi, ndi yisiti wodzaza kasupuni kamodzi ka tiyi. Yisiti wopangira vinyo ndiye wabwino koposa. Wa buledi amagwiranso ntchito, koma vinyo wake amachedwa kuyera. Madzi a pampopi ayambe awiritsidwa ndi kuzizira. Uchi usaphikidwe, chifukwa moto umathamangitsa fungo la maluwa. Ungosungunulidwa m'madzi ofunda. Mango asendedwe ndi kuchotsedwa nthanga, ndipo chipatso chilichonse choola kapena cha mphutsi chitayidwe.

Zonsezi zisakanizidwe m'ndowa ya pulasitiki yoyenera zakudya, yotsukidwa ndi madzi otentha, ndipo ivundikiridwe ndi kansalu koyera. Kwa masiku 5 mpaka 7, muzitakasa kamodzi pa tsiku ndi mthiko waukhondo. Kenaka sefani, ndi kuthira madziwo m'chigubu mpaka chitatsala pang'ono kudzaza. Boolani chivundikiro, lowetsanimo kapaipi kofewa ndi kumata bwino, ndipo mapeto ena a kapaipiko amizidwe m'botolo la madzi. Motero mpweya wa m'chigubu umatuluka koma wa kunja sulowa. Chigubu chikhale pamalo amdima ndi ozizira bwino, pakati pa madigiri 18 ndi 24. M'miyezi yotentha chiikeni pansi pa simenti m'chipinda chosungira katundu.

Pakatha masabata 4 mpaka 6 thovu limaleka. Pamenepo vinyo atsanulidwe mosamala m'chigubu china, kusiya nsenga pansi, ndipo akhale miyezi itatu kapena kuposerapo. Apa ndi pamene ambiri amalephera. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Munthu amene athira vinyo m'mabotolo ndi kutseka asanaleke kuwira adziwe kuti mpweya udzachulukana m'katimo, ndipo botolo lingathe kuphulika ndi kuvulaza ana. Amenenso amatsegulatsegula chigubu kuti alawe amalowetsa mpweya ndi tintchentche ta zipatso, ndipo m'malo mwa vinyo adzapeza viniga.

Pali zinthu zitatu zimene tiyenera kuchenjeza mwamphamvu. Choyamba, chigubu chimene munali parafini, petulo kapena mankhwala a kumunda chisagwiritsidwe ntchito, ngakhale chitatsukidwa motani. Chachiwiri, vinyoyu asatchezedwe ngati kachasu kapena kuthiridwa zinthu zina zosadziwika pofuna kuti akhale waukali; zakumwa zotere zatenga miyoyo ya anthu ambiri. Chachitatu, kutsekemera kwake kusatinyenge. Mphamvu yake imafika pakati pa magawo 10 ndi 14 pa 100, pamene mowa wamba wa m'botolo uli ndi magawo 5 okha kapena kuchepera apo. Si chakumwa cha ana kapena amayi oyembekezera, ndipo womwa asagwire chiwongolero. Wofuna kugulitsa ayambe wapeza chiphaso cha khonsolo ndi chilolezo cha Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 kuti liziona ubwino wa katundu.

Nkhaniyi ikhudzanso nkhalango zathu. Uchi wabwino umachokera ku maluwa a mitengo yachilengedwe monga mombo ndi tsamba, imene ili m'nkhalango ngati ya Dzalanyama, kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene timamwa. Wofula uchi wa m'tchire kawirikawiri amadula mtengo kapena kuyatsa moto, ndipo uchi wake umanunkha utsi ndi kusakanizika ndi ana a njuchi. Mlimi wa njuchi wokhala ndi ming'oma amateteza mitengo, chifukwa ndiyo imamudyetsa. Choncho wogwira ntchito m'boma amene agula uchi kwa mlimi wotere amapeza vinyo wokoma, komanso amathandiza kuti nkhalango ikhalepo.

Kwa aphunzitsi a sayansi, kabotolo ka madzi a shuga ndi yisiti kovekedwa chibaluni pakamwa nkokwanira kuonetsa ophunzira m'mene mpweya umatulukira, popanda kupanga chakumwa m'kalasi. Kwa eni nyumba, uphungu wathu ndi wakuti ayambe ndi malita 5 okha, ndipo alembe m'kabuku tsiku, miyeso ndi mtundu wa zipatso, kuti chaka chamawa adzadziwe poyenera kukonza. Vinyo wofululidwa ndi mango a mu Disembala adzakhala atapsa bwino pofika nyengo yozizira ya mwezi wa Juni.