Adapulumukira limodzi, adakalambira limodzi

Pa 15 Epulo 2023, Ken Potts wa mumzinda wa Provo m'chigawo cha Utah ku America adakwanitsa zaka 102. Patangotha masiku 6, gogoyu adatsikira kulichete.

Imfa ya munthu wa zaka zoterezi siidabwitsa. Koma iyi idamveka m'manyuzipepala ambiri chifukwa idasiya nkhalamba ina ili yokhayokha. Nkhalambayo ndi Lou Conter, yemwe panthawiyo adali ndi zaka 101 ndipo amakhala ku Grass Valley m'chigawo cha California.

Awiriwa sadali pachibale. Chidawalumikiza ndi sitima yankhondo ya pamadzi yotchedwa USS Arizona, momwe onse amagwira ntchito ali anyamata a zaka 20. Mwa asilikali oposa 300 omwe adapulumuka sitimayi itaphulitsidwa mu 1941, omwe adali akupumabe pofika 2023 adali iwo okha.

Lamulungu la moto

Udali m'mawa wa Lamulungu, pa 7 Disembala 1941. Sitima zankhondo za America zidali zitakocheza padoko la Pearl Harbor, pachilumba cha Oahu ku Hawaii. Nthawi itatsala pang'ono kukwana 8 koloko, ndege za dziko la Japan zidatulukira n'kuyamba kukhetsa mabomba.

Bomba limodzi lidaboola pamwamba pa Arizona n'kukaphulikira mkati, kufupi ndi mosungira wonga ndi zipolopolo. Mbali yakutsogolo ya sitimayi idang'ambika ndipo moto womwe udabuka udayaka kwa masiku oposa awiri. Asilikali 1,177 a m'sitimamo adafa, pafupifupi theka la anthu 2,403 a ku America omwe adaphedwa tsikulo. Oimba onse 21 a bandi ya m'sitimamo adathera pomwepo.

Tsiku lotsatira America idalengeza kuti ili pankhondo ndi Japan. Nkhondo yomweyi ndiyo idakokera asilikali a King's African Rifles ochokera kuno, dziko likadali Nyasaland, kunkhalango za Burma komwe adakalimbana ndi asilikali a Japan mu 1944.

Chingwe cha Joe George

Donald Stratton wa zaka 19 ndi Lauren Bruner wa zaka 21 adali pansanja ya pamwamba pa sitimayo, pomwe amalozera mfuti zowombera ndege. Bomba litaphulika, moto udawazinga pamodzi ndi anzawo ena anayi. Kutsika sakadatha, kudumphira m'madzi kudalinso kosatheka popeza mafuta omwe adatayikira panyanja amayaka.

Pambali pa Arizona padakocheza sitima yokonza zinzake yotchedwa USS Vestal. Msilikali wina wa m'menemo, Joe George, adalamulidwa kudula zingwe zomwe zidamangirira sitima ziwirizi kuti Vestal ithawe moto. Paja akuluakulu adati mnzako akapsa ndevu m'zimire. George ataona anyamata akupsa pansanja paja, adayamba wawaponyera chingwe.

Anthu 6 aja adawoloka mtunda wa mamita oposa 20 akulendewera pachingwecho ndi manja akupsa, moto uli lawilawi pansi pawo. Stratton ndi Bruner adafika tsidya linalo gawo lalikulu la matupi awo litapsa, ndipo adagona m'chipatala miyezi yambiri. Chodabwitsa n'chakuti atachira onse awiri adabwerera kunkhondo. Stratton adali atachotsedwa ntchito chifukwa cha mabalawo, koma mu 1944 adakalembetsanso usilikali.

George sadalandire mendulo iliyonse. Kwa zaka zambiri Stratton samadziwa n'komwe dzina la munthu yemwe adamupulumutsa, ndipo pomwe amadzalidziwa n'kuti mwiniwakeyo atamwalira kale mu 1996.

Apa m'pomwe nkhalamba ziwirizi zidaonetsa kuti ngongole ya moyo siiwalika. Zidalemba makalata, kuyankhula ndi atolankhani komanso kugogoda m'maofesi a boma kupempha kuti George alemekezedwe. Mu Julaye 2017, Stratton ali ndi zaka 95 ndipo Bruner ali ndi zaka 96, adayenda ulendo wa ku Washington pamodzi ndi Potts kukaonana ndi mtsogoleri wa dzikolo, Donald Trump.

Khama lawo lidapindula. Pa 7 Disembala chaka chomwecho, patatha zaka 76, mwana wamkazi wa George adalandira mendulo ya Bronze Star m'malo mwa malemu bambo ake.

Tsiku lobadwa la munthu wotsala

Kwa ambiri a ife, tsiku lokumbukira kubadwa ndi la keke, nyimbo ndi mphatso. Kwa msilikali yemwe anzake adafa ali achisodzera, tsikuli limabwera ndi masamu ena. Chaka chilichonse chomwe iye akuwonjezera ndi chaka chomwe anzakewo sadachione.

Chitsanzo ndi John Anderson, yemwe adabadwa mapasa ndi mbale wake Delbert mu 1917. Onse adalowa usilikali wa pamadzi ndipo onse adali mu Arizona tsiku la ngoziyo. John adapulumuka, Delbert adatsalira m'sitimamo ali ndi zaka 24. Kwa zaka zoposa 70, tsiku lomwe kale lidali la anthu awiri John amalikumbukira yekha, mpaka pomwe adamwalira mu 2015 ali ndi zaka 98.

Conter naye amadziwa bwino kulemera kwa zaka zake. Atachoka mu Arizona adaphunzira kuyendetsa ndege zankhondo ndipo adauluka maulendo pafupifupi 200 okamenya nkhondo. Mu 1943 ndege yake idawomberedwa n'kugwera m'nyanja kufupi ndi New Guinea, koma adapulumukanso. Adamenya nawo nkhondo ya ku Korea, kenako adaphunzitsa asilikali njira zodzipulumutsira akagwera m'dera la adani. Adapuma pantchito mu 1967 atatumikira zaka 28.

Ngakhale mbiri yake idali yotere, mkuluyu amakana kutchedwa ngwazi. Atolankhani akamufunsa, amabwereza mfundo imodzi: ngwazi ndi omwe adafa tsiku lija, pakuti opulumukawo adabwerera kwawo, adakwatira, adabereka ana ndipo adaona zidzukulu.

Gulu likucheperachepera

Kodi n'chiyani chimapangitsa kuti ubwenzi wa asilikali apamadzi ulimbe chotere? M'sitima yankhondo mulibe kothawira. Mu Arizona mumakhala anthu pafupifupi 1,500, ogona mothithikana, odyera pamodzi, otha miyezi osaona abale awo. Wina akagona pantchito, onse amira. Choncho munthu amazolowera kuika moyo wake m'manja mwa mnzake, ndipo chizolowezichi sichitha tsiku lovula yunifolomu.

Palinso china. Zomwe adaona patsikulo zidali zovuta kufotokozera mkazi kapena mwana. Bruner adakhala zaka zambiri osafuna kukamba za ngoziyi. Munthu yekhayo yemwe samafunika kumulongosolera kalikonse adali mnzake yemwe adaliko.

N'chifukwa chake mu 1958 opulumuka pachiwembuchi adakhazikitsa bungwe la Pearl Harbor Survivors Association. Amakumana, kucheza ndi kukumbukira anzawo. Koma ukalamba sunyengerera. Kumapeto kwa 2011 bungweli lidatsekedwa chifukwa mamembala ambiri adali atamwalira ndipo otsalawo adalibenso mphamvu zoliyendetsera.

A mu Arizona adali ndi kagulu kawokawo. Mu Disembala 2014 adatsala 9, ndipo omwe adakwanitsa kufika ku Hawaii adali anayi okha: Anderson, Bruner, Conter ndi Stratton. Adakweza matambula a vinyo polemekeza anzawo, pamsonkhano womwe udalengezedwa kuti ndi wotsiriza wa kaguluko. Komabe mwa anayiwa, omwe thanzi limawalola adapitiriza kubwerera padokopo zaka zotsatira.

Manda a pansi pa nyanja

Arizona sidavuulidwe. Ikadali pomwe idamirira ndipo matupi a asilikali oposa 900 ali momwemo. Mu 1962 boma lidatsegulira nyumba yoyera yachikumbutso yomwe idamangidwa mopingasa pamwamba pa sitimayo. Pakhoma lake lamwala padalembedwa mayina a onse omwe adafa. Mpaka lero timadontho ta mafuta timatumphuka kuchokera m'sitimamo, ndipo anthu amatitcha misozi yakuda.

Kuyambira mu 1982, opulumuka adapatsidwa mwayi woti akamwalira, phulusa la matupi awo lizikaikidwa m'sitimamo. Mwambo wake umachitikira pachikumbutso paja. Achibale amapereka kamtsuko ka phulusa kwa akatswiri osambira pansi pa madzi. Iwo amakanyamula m'mwamba kuti onse akaone, kenako amamira nako n'kukakaika pomwe padali imodzi mwa mizinga ikuluikulu ya sitimayo.

Kwa ife omwe timalemekeza manda a kumudzi, izi zikhoza kumveka zachilendo. Munthu wa ana ndi zidzukulu angasiye bwanji manda a makolo n'kusankha kukagona m'madzi? Koma kwa amunawa, anzawo a m'sitima adali mtundu wawo wachiwiri. Anderson adabwerera kwa mbale wake Delbert mwa njira imeneyi mu Disembala 2016.

Bruner adamwalira mu Sepitembala 2019 ali ndi zaka 98, ndipo pa 7 Disembala chaka chomwecho adakhala munthu wa nambala 44 kuikidwa m'sitimamo. Conter, ali ndi zaka 98, adayenda ulendo wautali wa pandege kuchoka ku California kukaperekeza mnzakeyo.

Atatu otsalawo adasankha kukagona pafupi ndi mabanja awo. Stratton adamwalira mu Febuluwale 2020 ali ndi zaka 97, n'kutsala Potts ndi Conter.

Womaliza

Potts atapita, Conter adakondwerera zaka 102 pa 13 Sepitembala 2023 popanda ndi mmodzi yemwe wa m'sitima yake woti angamuimbire lamya. Thupi lidali litafooka moti mwambo wa ku Hawaii amangoutsatira ali kunyumba. Adamwalira pa 1 Epulo 2024 kunyumba kwake ku Grass Valley, patatha zaka zoposa 82 chiphulikire bomba lija.

Mbiri yawo sidapite nawo yonse. Stratton adatulutsa buku lotchedwa All the Gallant Men mu 2016, ndipo Conter adatulutsa lake mu 2021. Koma buku silingafunsidwe funso.

Zomwe zidachitikira a mu Arizona zikuchitikira asilikali onse a nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, kaya ndi ku America, ku Japan kapena kuno kwathu, komwe chipilala cha King's African Rifles ku Zomba chimatikumbutsa za asilikali athu akale. Mnyamata yemwe adali ndi zaka 18 pomwe nkhondoyi imatha mu 1945, ngati Mulungu adamusunga, adakwanitsa zaka 98 mu 2025. Ngati m'mudzi mwanu muli gogo wotere, musadikire tsiku la maliro kuti mumve mayina a anzake omwe adapita nawo kunkhondo.