Matenda a BP Saimba Ng'oma

Makolo athu anati cakudza siciimba ng'oma. Mwambi umenewu uyenerana kwambiri ndi matenda a kuthamanga kwa magazi, amene ambirife tingowachula kuti BP. Munthu angathe kulima munda wonse, kudya nsima yake ndi kugona tulo tabwino, pamene magazi alikukankha mitsempha yake mopitirira muyeso usana ndi usiku, kulemetsa mtima ndi kuononga impso ndi maso pang'onopang'ono. Tsiku limene agwa pansi, pakamwa patakhota ndi dzanja litafa, abale ayamba kuyang'anana ndi kufunsa kuti wamlodza ndani. Koma kawirikawiri cocititsa cinali m'thupi mwake momwemo kwa zaka zambiri, ndipo kupima kwa mphindi zocepa kukanaciulula.

Kafukufuku wa STEPS amene anacitika muno m'Zambia mu 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu asanu alionse a zaka 18 kufikira 69 anali ndi BP yokwera. Bungwe la World Health Organization linalengeza mu 2023 kuti pa dziko lonse, pafupifupi theka la anthu amene ali ndi matendawa sadziwa kuti ali nao.

Njira yodziwira ndi imodzi yokha, ndiyo kupimitsa. Anamwino akakumangani lamba pamkono, makina aonetsa manambala awiri: lapamwamba ndi mphamvu ya magazi pamene mtima ugunda, lapansi ndi pamene upumula. Ngati lapamwamba lifika 140 kapena lapansi 90, ndipo zikhala conco pa masiku awiri osiyana, pamenepo BP yakwera. Musapimitse muli wefuwefu mutangotsika pa njinga. Yambani mwakhala pansi mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi, osalankhula. Manambalawo alembeni m'kabuku pamodzi ndi tsiku lake, pakuti adokotala afuna kuona m'mene asinthira.

Pamene ambiri akhumudwa ndi pa mankhwala. Mapilisi monga amlodipine kapena hydrochlorothiazide sacotsa matendawa monga mankhwala a malungo acitira. Angowagwira kuti asapweteke munthu, ndipo ambiri ayenera kumwa tsiku ndi tsiku moyo wao wonse. Wina akamwa mwezi umodzi nauzidwa kuti manambala atsika, aganiza kuti wacira, naleka. Wina akumbukira mapilisi pokhapokha mutu ukawawa, wina apempha kwa mnansi, osadziwa kuti mankhwala oyenera uyu angavulaze uja. Aliponso amene ataya mapilisi atacokera ku mapemphero a macilitso. Kupemphera nkoyenera, koma kutaya mankhwala ndiko kuyesa Mulungu, amene anapatsa madokotala nzeru. Ngati mankhwala akutupitsani miyendo kapena kukucititsani cizungulire, bwererani ku cipatala kuti akasinthe. Mitundu yake ndi yambiri.

Nanga za m'khichini? Mcere woyenera munthu wamkulu pa tsiku ndi wosafika magalamu 5, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi, soseji, nsomba zouma za mcere ndi timibulu tokometsera ndiwo. Kafukufuku uja wa 2017 anapeza kuti ife tidya pafupifupi kuwirikiza kawiri. Azibambo amene athira mcere m'mbale asanalawe nkomwe ndiwo, amvetse pamenepa. Masamba a ciwawa ndi bondwe, nyemba ndi nthoci zithandiza. Fodya, mowa wambiri ndi kunenepa kwambiri zikweza ngozi. Kuyenda mofulumira theka la ola masiku asanu pa mlungu nkokwanira kwa amene agwira nchito ya pampando.

Amayi apakati asaphonye sikelo, cifukwa BP ikakwera pa nthawi imeneyo iika mayi ndi mwana pa ngozi. Ndipo mukaona wina pakamwa pakhota mwadzidzidzi, dzanja kapena mwendo wafooka, lilime lalemera, kapena cifuwa camugwira zolimba, musayambe mwaitana acibale kuti mukambirane. Funani galimoto nthawi yomweyo, mupite naye ku cipatala, kabuku ndi mapilisi ake zili m'manja.