Kulowa ndi Kulowetsa: Mneni wa Chinyanja pa Phunziro la Maselo m'Sukulu za ku Lundazi

Mawu Oyamba

Chiyambire 1966, pamene lamulo la maphunziro linakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira m'Zambia, ambiri akhala akukhulupirira kuti ziyankhulo zathu sizingathe kufotokoza sayansi. M'nkhani ino tikufuna kusonyeza kuti pa phunziro la momwe zinthu zimalowera ndi kutulukira m'maselo, mneni wa Chinyanja ndi chida chimene mphunzitsi sayenera kuchinyoza. Tasankha boma la Lundazi popeza ana ambiri kumeneko amayankhula Chitumbuka pakhomo, amaphunzira Chinyanja kusukulu, koma mayeso a sayansi amalemba m'Chingerezi.

Njira Zitatu

Selo lililonse lakutidwa ndi nembanemba imene imalola zinthu zina kudutsa ndi kukaniza zina. Njira yoyamba ndi diffusion, pamene tinthu timachoka pomwe tachuluka kupita pomwe tachepa. Umu ndi momwe okosijeni amalowera m'magazi kuchokera m'mapapo. Yachiwiri ndi osmosis, pamene madzi amadutsa nembanemba kupita mbali yomwe mchere kapena shuga wachuluka. Mlimi wa ku Lundazi amaidziwa bwino njirayi: feteleza akathiridwa pafupi kwambiri ndi phesi, madzi amatuluka m'mizu, chimanga n'kufota, ndipo iye amati chapsa. Yachitatu ndi active transport, pamene selo limagwiritsa ntchito mphamvu kukankhira tinthu komwe tachuluka kale. Mu 1957 Jens Skou wa ku Denmark anatulukira pampu ya m'nembanemba imene imatulutsa tinthu titatu ta sodiyamu ndi kulowetsa tiwiri ta potaziyamu.

Ntchito ya Mneni

Taonani ziganizo izi:

(1) Madzi amalowa m'selo.
(2) Selo limalowetsa potaziyamu.

Mu (1) mwininkhani ndi madzi, ndipo selo silitaya mphamvu. Mu (2) msintho wamchititsa waika selo pa malo a mwininkhani, ndipo womvera amazindikira kuti pali wogwira ntchito. Kusiyana kumene Chingerezi chimanena ndi mawu akuti passive ndi active, Chinyanja chimakusonyeza m'kati mwa mneni momwemo: kulowa ndi kulowetsa, kutuluka ndi kutulutsa. Chitumbuka chimachitanso chimodzimodzi: kunjira ndi kunjizga, kufuma ndi kufumya. Choncho mwana wa ku Lundazi amafika m'kalasi ali nako kale kusiyanitsaku.

Komabe tiyenera kusamala. Mphunzitsi akanena kuti muzu umamwa madzi, kapena kuti umakoka madzi, wapatsa muzu ntchito imene suchita, ndipo mwana adzasokoneza osmosis ndi active transport. Koyenera ndi kunena kuti madzi amalowa m'muzu, koma muzu umalowetsa mchere wa m'nthaka.

Mawu Omaliza

Phindu lake silithera pa mayeso. Wodwala kolera amapatsidwa madzi a mchere ndi shuga chifukwa sodiyamu ndi shuga zimalowera limodzi m'maselo a matumbo, madzi n'kutsatira. Mwana amene wamvetsa zimenezi m'chiyankhulo chake adzadziwanso chifukwa chake muyeso uli wofunika: shuga akachuluka, madzi amabwerera m'matumbo ndipo kutsegula m'mimba kumakula. Tikupempha aphunzitsi a ziyankhulo ndi a sayansi kuti akonzere pamodzi ziganizo zophunzitsira mutu umenewu.