Phindu la Mbiri Yakale ndi Masamu

Mukadzapita ku sekondale, mudzaphunzira mozama Mbiri Yakale ndi Masamu. Kodi maphunziro awiriwa ali ndi phindu lanji kwa mwana wa m'Chigwa cha Shire?

Mbiri imatiuza kumene tachokera. Imafotokoza za Amang'anja ndi mfumu yawo Lundu, za kachisi wa Mbona ku Khulubvi m'boma la Nsanje, ndiponso za David Livingstone amene anafika kwa Chibisa, ku Chikwawa, m'chaka cha 1859. Imatikumbutsanso za madzi osefukira a mu 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023, kuti tisaiwale pamene madziwo analekezera.

Masamu amatiphunzitsa kuyeza ndi kulingalira mwadongosolo. Mlimi wa thonje wodziwa kuchulukitsa sangapusitsidwe pa sikelo. Munthu woyeza mtsinje wa Shire ku Chiromo amawerengera kukwera kwa madzi, nachenjeza anthu nthawi ikadalipo.

Choncho mudzi wokhala ndi anthu okumbukira zakale, odziwanso kuwerengera, umamanga nyumba zake pamtunda, ndipo chigumula chikabwera anthu ake amapulumuka.

Mafunso
1. Kodi kachisi wa Mbona ali kuti?
2. Masamu amamuthandiza bwanji mlimi wa thonje?