Chikho cha mate ndi chipanda cha thobwa

Mwana wa sukulu wa ku Milange akayamba kuphunzira Chisipanishi sayambira patali, chifukwa Chipwitikizi cha m'kalasi ndi Chisipanishi n'zapachibale. Akafika pa phunziro la mate, chakumwa cha ku Argentina, Uruguay, Paraguay ndi kummwera kwa Brazil, ali ndi mwayi winanso. Anakulira pa thobwa, ndiye zomwera chikho chimodzi si zachilendo kwa iye.

Mate amapangidwa ndi masamba ouma a mtengo umene anthu a mtundu wa Guaraní ankaudziwa azungu a ku Spain asanafike. Masambawo amatchedwa yerba. Amawathira m'kachikho ka mphonda, n'kuzikamo bombilla, kapaipi kachitsulo kokhala ndi sefa kumunsi. Madzi ake ndi otentha koma osawira, madigiri 70 mpaka 80, ndipo amasungidwa mu termo, fulasiki yawo. Pa mawu onsewa, ofunika kuwagwiritsitsa ndi cebador, munthu wothira madzi. Chikho choyamba, chomwe chimawawa zedi, amamwa yekha. Akatero amathiranso madzi pa masamba omwewo n'kupatsa mnzake. Wolandirayo amamwa mpaka madzi athe, n'kubweza chikho kwa cebador, osati kwa amene wayandikana naye. Akanena kuti gracias pobweza, ndiye kuti zamukwana, chikho chikazunguliranso chimudumpha.

Ntchito ya mate, tsono, imachitika anthu akuona, nkhani zili mkati. Ya thobwa imatha alendo asanafike. Amayi amanyika mawere kapena mapira, n'kuwavundikira kuti amere, kenako n'kuwayanika ndi kuwasinja kuti akhale chimera. Amaphika phala la ufa wa chimanga, likazizirako amawazamo chimera n'kutakasa mpaka phala lolimba lija lisungunuke, litsekemere popanda shuga. Limagona usiku, m'mawa n'kuliwiritsanso. Amene akupatsira chipanda pachinkhoswe kapena pamaliro akugawa thukuta la munthu wina amene mwina sakuoneka n'komwe pabwalopo.

Kusiyana kwina kuli m'mimba. Mate amachotsa tulo ngati tiyi wa ku Mulanje, koma sakhutitsa. Thobwa ndi chakudya. Mlimi amalimira, ndipo wakabaza amene wapalasa katundu kuchokera pachipata cha malire cha Muloza akamwa amapeza mphamvu zobwererera.

Chimene chimandikhudza n'chakuti anzathu omwa mate chakumwa chawo anachilemekeza poyera. Mu 2013 dziko la Argentina linakhazikitsa lamulo lotcha mate chakumwa cha fuko, ndipo pa 30 Novembala chaka chilichonse ndi tsiku lake. Mu 2020 bungwe la UNESCO linaika tereré, mate wozizira wa ku Paraguay, pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Thobwa lathu lasamukira m'mabotolo apulasitiki otola, aliyense n'kumamwa lake ali chiimire pamsika. Ogulitsa sindiwadzudzula, ndi mmene akupezera ya sopo ndi ya mchere. Komanso kolera amene anavuta kwathu ku Zambezia mu 2023, namondwe Freddy atadutsa, anatikumbutsa kuti kumwera pamodzi kumafuna ukhondo. Ku Argentina nako, nthawi ya Covid-19 anthu analangizidwa kuti aliyense azimwera chikho chake. Matendawo atachepa, ambiri anabwerera ku chikho chozungulira, pamene kwathu ana ochuluka a m'tauni ya Milange akukula akudziwa thobwa la m'botolo lokha.