Kodi Mumadziwa? Nyanja Yamchere Ili Kuseri kwa Muloza

Kodi mumadziwa kuti munthu wa ku Muloza ali pafupi ndi doko la Quelimane kusiyana ndi Lilongwe? Ambirife tikamva zoti banja lakuti lapita kutchuthi kunja kwa dziko, maganizo amathamangira ku ndege ndi mabwana a m'tauni. Komatu kuno ku Mulanje dziko lakunja ndi tsidya la mtsinje. Mukadinditsa pasipoti pachipata cha Muloza mwalowa kale ku Milange, m'dziko la Mozambique. Kuchoka apo msewu ukufikitsani ku Mocuba, ndipo pa Mocuba mudzasankha: kutsikira ku Quelimane kapena kukwera cha kumpoto, ku Nampula. Mmalawi wokacheza masiku ochepa safunika viza, ndipo galimoto kumeneko zimayenda kumanzere ngati kwathu konkuno.

Kodi mumadziwa kuti ulendo wokaona zakale uyenera kuyambira pakhomo? Pampata wa pakati pa phiri la Mulanje ndi phiri la Michesi pali mabwinja a Fort Lister, linga lomwe boma la atsamunda linamanga mu 1893. Lero malowa ali m'boma la Phalombe, koma pa nthawiyo anali mbali ya Mulanje. Analimanga pamenepo chifukwa mpatawo unali njira ya amalonda otenga akapolo ndi minyanga ya njovu kupita kugombe. Chaka chomwecho anamanganso Fort Anderson kutsidya lina la phiri. Zimandipweteka kuti ana athu ambiri akumaliza Fomu 4 asanapondeko pa Fort Lister, chonsecho ndi pakhomo. Mwana amene waima pampata uja n'kuuzidwa kuti apa panadutsa anthu omangidwa m'magoli, akakafika kugombe nyanja adzaiona ndi maso ena.

Kodi mumadziwa kuti mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo achuma cha dziko lonse lapansi? Ndi malo achitatu m'Malawi muno, kutsatira Lake Malawi National Park mu 1984 ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni mu 2006. Chomwe chinalemekezedwa kwambiri ndi chikhalidwe: mmene Amang'anja, Ayao ndi Alhomwe amalitengera phirili ngati malo a mizimu ya makolo.

Nanga chiperoni chija chimatigwetsa m'mabulangete mu Juni ndi Julaye? Dzina lake n'lochokera ku phiri la Chiperone, m'boma lomwelo la Milange.

Kodi mumadziwa kuti David Livingstone anamalizira pa Quelimane ulendo wake wodutsa Africa kuchokera ku Luanda? Anafika mu Meyi 1856. Tauniyi ili m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, ndipo munthu wa ku Mulanje sasowa mtendere kumeneko chifukwa kabaza wa njinga ndi wosayamba. Kosambira ndi ku Zalala, kamtunda ndithu kunja kwa tauni, msewu wake wodutsa m'minda ya kokonati. Kumeneko mchenga ndi wotambalala, nsomba amakuotcherani zongovuula kumene. Tisaiwalenso kuti namondwe Freddy, amene anatilanda abale mu Malichi 2023, anatulukira kumtunda chapafupi ndi Quelimane asanafike kuno. Anthu amene mukakumane nawo kumeneko analira maliro omwewo.

Koma amene ali ndi masiku ndi kangachepe m'thumba, ine ndingamuuze kuti apirire mtunda, adutse Nampula, akafike ku chilumba cha Ilha de Moçambique.

Kodi mumadziwa kuti dziko lonse la Mozambique linatenga dzina kwa kachilumba aka? N'kotalika pafupifupi makilomita atatu okha, ndipo m'lifupi mutha kukadutsa wapansi phala la mwana lisanazizire. Mlatho wokafikira kumeneko ndi wautali kuposa chilumbacho, wopapatiza moti galimoto zimadikirana m'malo opatukira. Aluya ndi Aswahili ankachita malonda pano kalekale Vasco da Gama asanakocheze mu 1498. Apwitikizi anapasandutsa likulu lawo mpaka 1898, pamene analisamutsira ku Lourenço Marques, yomwe lero ndi Maputo. UNESCO inalemba chilumbachi pamndandanda wake mu 1991.

Kodi mumadziwa kuti kumapeto kwa chilumbachi kuli katchalitchi komangidwa mu 1522? Dzina lake ndi Nossa Senhora de Baluarte, ndipo kamadziwika kuti ndiyo nyumba yakale kuposa zonse zomangidwa ndi azungu kummwera kwa ikweta zomwe zidakali chiimire. N'kakang'ono zedi, mafunde amakamenya m'munsi usana ndi usiku, koma zaka zoposa 500 zadutsa kali pomwepo. Kuti mukafikeko mumadzera m'kati mwa linga la São Sebastião, lomwe anayamba kumanga mu 1558 n'kutha zaka makumi angapo asanalimalize. Adatchi analizinga mu 1607, anabweranso mu 1608, koma maulendo onse awiri anabwerera chimanjamanja. Pamwamba pa makoma mizinga idakaloza kunyanja. Ana amathamangira mizingayo, koma muwaonetsenso zitsime zikuluzikulu zosungira madzi a mvula otsika pamadenga, pakuti pachilumba chozingidwa ndi madzi amchere asilikali akanagonja ndi ludzu adani asanawombe n'komwe.

Kodi mumadziwa kuti chilumbachi chili ndi matauni awiri? Kumpoto kuli tauni ya miyala ndi laimu, komwe kuli nyumba ya São Paulo, yomwe ansembe a Chijezuiti anamanga mu 1610, kenako n'kukhala nyumba ya bwanamkubwa, pano ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. Kummwera kuli Macuti, kwa anthu wamba, dzina lochokera ku masamba a kokonati ofolerera nyumba. Mukaima pamsewu, nyumba za ku Macuti mumaziyang'anira pansi. Chifukwa chake n'chakuti miyala yomangira nyumba za olemera ankaikumba komweko, amphawi n'kumanga m'maenje otsalawo. Alendo ambiri amajambula kumpoto kokha n'kumabwerera. Inu musatero. Pitaninso ku Jardim da Memória, malo okumbukira akapolo amene anakwezedwa m'zombo kuchokera pagombe limeneli. Njira za kumtunda kuno zinkathera m'madoko ngati amenewa, ndipo ine sindiona chifukwa chobisira ana zimenezi.

Kodi mumadziwa kuti agogo olankhula Chilhomwe akhoza kukupulumutsani pamsika? Anthu a ku Nampula ndi pachilumbachi amalankhula Chimakhuwa, chomwe n'chapachibale kwambiri ndi Chilhomwe. Makolo a mabanja ambiri a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe anawoloka kuchokera ku Mozambique kuyambira cha m'ma 1890, kuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzapezanso thangata m'minda ya azungu kuno. Phiri la Namuli, lomwe Alhomwe amati ndiko kuchimake kwa mtundu wawo, lili pafupi ndi Gurué, kwinanso kolima tiyi. Choncho polongedza zikwama musawasiye agogo kuti azilonda nyumba. Atengeni. Chipwitikizi chikakukanikani, iwo adzapereka moni, ndipo muone mmene nkhope za amayi odzola mussiro, ufa woyera wa mtengo, zidzawalire.

Ofuna kusambira amakwera ngalawa ya thanga kuwolokera ku Chocas Mar, kumtunda moyang'anana ndi chilumbachi, komwe mchenga ndi woyera mbee.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, namondwe atapita, ndipo tchuthi chachikulu cha sukulu chimagwera momwemo. Musananyamuke funsani za chitetezo, chifukwa nkhondo ya zigawenga yomwe inayamba ku Cabo Delgado mu 2017 nthawi zina imakhudza maboma a kumpoto kwa Nampula. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake, ndipo ndalama ya ku Mozambique ndi metikali.

Kodi mumadziwa, potsiriza, kuti nyanja yamchere imayenda? Ana ozolowera Dziwe la Nkhalamba kapena gombe la Mangochi amadziwa madzi okhala pamene awasiya. Kunyanja yamchere madzi amaphwera kutali n'kubweranso, kawiri pa tsiku, chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi. Pamene munayala chitenje m'mawa, masana pakhoza kukhala pomira munthu wamkulu. Musanalole mwana kupita kutali kokatola zigoba, funsani asodzi nthawi yomwe madzi abwerere.