Kuyesa Ululu wa Wodwala Nthenda Yosacizika

M'caka ca 1967 Cicely Saunders anatsegula St Christopher's Hospice ku London, nyumba yosamaliramo odwala nthenda zosacizika. Iye anaphunzitsa kuti ululu sukhala m'thupi mokha. Ukhalanso mumtima, m'nkhawa ya ana otsala ndi m'mantha a imfa.

Cifukwa cace namwino ayamba ndi kufunsa: "Mukumva kuwawa pati? Kukubayani kapena kukuochani?" Tsono wodwala achula nambala, kuyambira 0, ndiko kusamva kanthu, kufikira 10, ululu wosapiririka. Amene sathanso kulankhula, namwino apenya nkhope yace, kubuula kwace ndi kapumidwe kace.

Mau a wodwala ayenera kukhulupiridwa, pakuti ndiwo atsogolera dokotala poyesa morphine. Muyeso ukacepa, munthu acezera usiku wonse m'zowawa zimene zikadaletseka.